Chotupa cha Fupa la Paphewa: Kodi Mkono Ungapulumuke Osadulidwa?

Dokotala akangotchula zoti m'fupa muli chotupa, funso limene limabwera msanga m'mutu mwa kholo ndi limodzi: kodi mwana wanga amudula mkono? Mantha amenewa athawitsa anthu ambiri m'zipatala zathu. Banja limapempha kuti likaganize kaye kunyumba, limayendayenda kumapemphero ndi kwa asing'anga, kenako n'kubwerera patapita miyezi chotupa chitakula. Pa nthawiyo mkono umene ankauteteza uja sungathekenso kuupulumutsa. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti ilipo opaleshoni yochotsa fupa lodwala n'kusiya mkono uli pomwepo, ndipo paphewa ndi pena mwa malo amene opaleshoniyi imapindulitsa kwambiri. Nawa mayankho a mafunso amene odwala ndi abale awo amafunsa kawirikawiri.

Kodi chotupa chilichonse cha fupa la paphewa ndi khansa?

Ayi. Zotupa zambiri za m'mafupa si khansa. Mwa ana, fupa lochokera paphewa kufika pachigongono, limene madokotala amalitcha humerus, limakonda kuchita mphako yodzaza madzi imene imalifooketsa mpaka kuthyoka mwana akangogwa pang'ono. Ena amamera kafupa kotulukira kunja kamene sikafalikira kwina kulikonse. Kuno kwathu kulinso matenda awiri amene amaoneka ngati khansa: mafinya a m'fupa ndi TB ya m'mafupa.

Koma khansa nayo imapakonda paphewa. Osteosarcoma, imene imagwira kwambiri achinyamata a zaka 10 mpaka 20, imayamba nthawi zambiri m'mafupa ozungulira bondo, ndipo malo otsatira pamenepo ndi kumtunda kwa humerus. Ewing sarcoma, imene inafotokozedwa ndi dokotala wa ku America James Ewing mu 1921, nayonso ndi ya ana ndi achinyamata. Chondrosarcoma imagwira kwambiri anthu opitirira zaka 40 ndipo imakonda fupa lathyathyathya lakumbuyo kwa phewa. Mwa akuluakulu, chotupa cha m'fupa nthawi zambiri chimakhala khansa imene yachokera kwina, monga kubere, ku prostate, m'mapapo, mu impso kapena m'chithokomiro. Chilichonse mwa izi chili ndi chithandizo chakechake, n'chifukwa chake palibe amene angadziwe dzina la chotupa pongochiyang'ana kapena kuchigwira.

Ndi zizindikiro ziti zimene siziyenera kunyozeredwa?

Choyamba ndi ululu wa mkati mwa fupa umene sukutha patadutsa milungu ingapo, makamaka umene umadzutsa munthu usiku ngakhale sanagwire ntchito iliyonse. Kutupa kumabwera pambuyo. Phewa limodzi limayamba kuoneka lalikulu kuposa linzake, khungu limatentha, mitsempha imaonekera pamwamba, ndipo mwana amayamba kuvala malaya a sukulu poyamba kulowetsa mkono wodwalawo mosamala. Fupa kuthyoka popanda kugwa kwenikweni ndi chizindikiro china chachikulu.

Kuchedwa sikusankha kuti uyu ndi wolemera kapena wosauka. Mnyamata wonyamula katundu mumsika wa ku Old Town mu Lilongwe amati wadzipweteka ndi thumba la chimanga, n'kumathowa ndi madzi otentha. Mwana wa ku Area 10 kapena ku Area 43 amene amasewera mpira wamanja kusukulu amagulidwira mankhwala opha ululu ku famase n'kupita kokatikitidwa minofu. Onse awiri akutaya chinthu chimodzi, nthawi. Kugwa kapena kumenyedwa sikuyambitsa khansa ya m'mafupa, kumangochititsa munthu kuzindikira malo amene anali atadwala kale. Ululu wa fupa umene wakana mankhwala umafunika ekisire.

Munthu wa mu Lilongwe apite kuti?

Yambirani pachipatala chapafupi, kaya ku Bwaila, ku Area 18, ku Kawale kapena kuchipatala cholipira, ndipo pemphani kuti phewa lijambulidwe. Chithunzi chikaonetsa fupa lodyeka, kapena timizere toyera totuluka m'mbali mwa fupa kulowa m'minofu, pemphani kalata yopitira ku Kamuzu Central Hospital ku Area 33. Pamalo a chipatalachi pali zonse zitatu zimene matendawa amafuna. Pali Lilongwe Institute of Orthopaedics and Neurosurgery, chimene ambiri amangochitcha LION, chipatala cha mafupa ndi ubongo chimene chinatsegulidwa mu 2023 ndi thandizo lochokera ku Norway, makamaka ku Haukeland University Hospital ya mumzinda wa Bergen. Pali National Cancer Centre, imene mwambo woitsegulira unachitika mu 2025. Palinso labotale yoyeza minofu imene inayamba ntchito mu 2011 mothandizidwa ndi UNC Project. Ana odwala khansa amathandizidwa pomwepo mogwirizana ndi madokotala a bungwe la Baylor.

Kwa ochokera m'maboma, woyamba kuona chithunzi nthawi zambiri amakhala kilinikolo ofesa wa mafupa. Dziko lathu linayamba kuphunzitsa akatswiri amenewa mu 1985, ndipo ndi amene amagwira ntchito yaikulu ya mafupa m'zipatala za m'maboma. Kumwera kuli Queen Elizabeth Central Hospital, komanso Beit CURE, chipatala cha mafupa a ana chimene chinatsegulidwa ku Blantyre mu 2002.

N'chifukwa chiyani madokotala amaletsa kutema mphini kapena kung'amba chotupa kwina?

Pano ndi pamene mikono yambiri imatayikira. Khansa ya m'fupa ili ngati thumba la mawere: likakhala lomanga mutha kulinyamula lonse n'kulichotsa m'nyumba, koma likabooka, timbewu timamwazika m'ming'alu yonse ndipo simungatitolenso. Lumo la mphini, mpeni wa munthu amene akuganiza kuti m'kati muli mafinya, ngakhale kukanda mwamphamvu, zonsezi zingamwaze maselo a khansa m'minofu imene inali yabwinobwino.

N'zoona kuti chotupa chiyenera kutengedwako kachidutswa kuti kakayezedwe pa maikulosikopu. Koma kutenga kachidutswako kuli ndi malamulo ake. Njira imene singano kapena mpeni wadutsa imatengedwa kuti yaipitsidwa, ndipo pa tsiku la opaleshoni yaikulu imayenera kuchotsedwa limodzi ndi chotupa. Paphewa, dokotala wodziwa amalowetsa singano kudzera kutsogolo kwa mnofu waukulu wophimba phewa, wotchedwa deltoid, n'kupewa mpata wa pakati pa mnofuwu ndi wa pachifuwa, chifukwa mpata umenewo umatsikira kumitsempha ikuluikulu ya m'khwapa. Khansa ikafika kumeneko, mkono watha. Choncho kachidutswa katengedwe ndi gulu lomwelo limene lidzachite opaleshoni, ndipo zithunzi zonse, za MRI ya phewa ndi CT ya pachifuwa ngati zikupezeka, zijambulidwe mpeni usanakhudze khungu.

Kodi opaleshoni yosunga mkono imachitika bwanji?

Dokotala salowa m'chotupa ndipo safuna n'komwe kuchiona ndi maso. Amayamba wafufuza mtsempha waukulu wa magazi ndi mtolo wa mitsempha yoyendetsa dzanja ndi zala, zimene zimadutsa m'khwapa, n'kuzipatula pang'onopang'ono. Timitsempha timene timadyetsa chotupa amatimanga n'kutidula. Kenako amayeza ndi lula kuchokera pamutu wa fupa, n'kulicheka masentimita angapo kupitirira pamene chithunzi chikuonetsa kuti matenda athera. Fupa lodwala limatuluka lathunthu, litakutidwa ndi minofu yabwino mbali zonse. Chotulukacho chimapita kulabotale kuti akaone ngati m'mphepete mwake muli maselo a khansa.

Kukula kwa opaleshoni kumatengera pamene chotupa chili. Nthawi zina amachotsa kumtunda kwa humerus kokha, nthawi zina fupa lakumbuyo kwa phewa lokha. Ngati khansa yalowa polumikizira mafupa, amachotsa zonse pamodzi: mutu wa humerus, fupa lakumbuyo ndi nsonga ya fupa lopingasa la m'munsi mwa khosi. Njira imeneyi imatchedwa Tikhoff-Linberg, potengera madokotala awiri a ku Russia, ndipo Boris Linberg anaifotokoza mu 1928. Ndiye kuti nzeruyi ndi yakale. Chimene chinaichititsa kufala kuyambira m'ma 1970 ndi kubwera kwa mankhwala a khansa ndi makina ojambula bwino. Masiku ano, m'zipatala za maiko olemera, odwala pafupifupi 9 pa 10 aliwonse amene ali ndi khansa ya fupa la mkono kapena mwendo sadulidwa.

Fupa likachotsedwa, pamalopo amaikapo chiyani?

Njira zilipo zingapo, ndipo si zonse zimene zimafuna ndalama zambiri.

Yodziwika kwambiri ndi fupa lachitsulo lochita kupanga, limene limazikidwa m'fupa lotsala. Limathandiza munthu kuchira msanga, koma limachokera kunja ndipo ndi lokwera mtengo. Ina ndi kugwiritsa ntchito fupa la wodwala yemweyo. Fupa lowonda la m'mbali mwa mwendo, m'munsi mwa bondo, lotchedwa fibula, litha kuchotsedwa munthu n'kumayendabe bwinobwino, ndipo limakalowa m'malo mwa humerus. Mwa ana aang'ono, dokotala wa ku Germany Winfried Winkelmann anaonetsa mu 1992 kuti fupa lopingasa la m'munsi mwa khosi litha kumasulidwa mbali ya pachifuwa n'kulitembenuzira pansi kuti likhale fupa la mkono, likadali ndi magazi ake.

M'maiko ena fupa lodwala lomwelo amalitsuka, kupha khansa yake, n'kulibwezera. Ku Kanazawa m'dziko la Japan, gulu la Hiroyuki Tsuchiya limaviika fupalo kwa mphindi 20 mu nayitulojeni wamadzi wozizira kufika madigiri 196 pansi pa ziro. Ena amaliwotcha ndi cheza champhamvu. Palinso njira yotsika mtengo imene madokotala a ku Tata Memorial Hospital ku Mumbai aigwiritsa ntchito kwambiri: msomali wautali wachitsulo, wonga umene amaikira mafupa othyoka, wokutidwa ndi simenti ya mafupa n'kumangiriridwa paphewa. Njira yotereyi ndi yofunika kwa maiko ngati lathu, chifukwa paphewa ntchito yaikulu ya choikidwacho ndi kugwira mkono kuti usalendewere. Mkono susenza thupi ngati mwendo.

Kodi mkono udzagwiranso ntchito ngati kale?

Apa tinene zoona zokhazokha. Phewa silibwerera mwakale. Minofu imene imakweza mkono, ndi mtsempha umene umaiyendetsa, nthawi zambiri zimachotsedwa limodzi ndi chotupa. Ambiri satha kukweza mkono kufika pamlingo wa phewa. Kuyanika zovala pachingwe, kudzitwika ndowa kapena kulima ndi khasu kumavuta, ndipo phewa limaoneka lophwa. Kwa mwana, mkono umakhala wofupikirapo akakula, chifukwa magawo 80 pa 100 a kutalika kwa humerus amachokera kumtunda kwake, kumene kwachotsedwako.

Chimene chimapulumuka ndi chigongono, dzanja ndi zala. Munthu amatema nsima n'kuifikitsa pakamwa, amalemba mayeso, amamanga mabatani, amagwira foni, amasoka, amawerenga ndalama, amagwira mwana padzanja n'kumva kutentha kwake. Palibe mkono wochita kupanga umene ungachite zonsezi. Munthu amene wadulidwa mkono wonse pamodzi ndi phewa amakhala alibe poti n'kumangirira mkono wogwira ntchito, ndipo umene amapatsidwa nthawi zambiri umangothandiza kuti malaya akhale bwino. N'chifukwa chake madokotala amalimbana kwambiri kuti dzanja litsale, ngakhale phewa litafooka.

N'chifukwa chiyani amayamba ndi kemo m'malo mochotsa chotupa msanga?

Osteosarcoma ndi Ewing sarcoma zimatumiza timaselo m'magazi matenda akangoyamba, ndipo timakakhala m'mapapo tisanayambe kuoneka pachithunzi. Chisanafike chaka cha 1970, pamene chithandizo chinali kudula kokha, odwala osteosarcoma osakwana 20 pa 100 ndi amene ankakhala ndi moyo zaka 5. Mkono kapena mwendo unkapita, koma munthu ankamwalirabe ndi khansa ya m'mapapo. Mankhwala a khansa otchedwa kemo, monga methotrexate, doxorubicin ndi cisplatin, atabwera, chiwerengerocho chinakwera kufika pa 60 mpaka 70 pa 100 mwa odwala amene matenda sanafalikire.

Kupereka mankhwala opaleshoni isanachitike, njira imene Gerald Rosen ndi anzake anaiyambitsa ku New York m'ma 1970, kumapha timaselo tobisala tija, kumalimbitsa m'mphepete mwa chotupa kuti chichotsedwe bwino, komanso kumaonetsa ngati mankhwalawo akugwira. Labotale ikapeza kuti magawo 90 pa 100 a chotupa afa, chiyembekezo chimakhala chachikulu. Kemo amaperekedwa kwa miyezi 2 kapena 3, opaleshoni n'kuchitika, kenako kemo n'kupitirira. Ulendo wonse umatenga miyezi 6 mpaka 9, ndipo wa Ewing sarcoma umatha kuyandikira chaka.

Mankhwalawa ndi owawa. Tsitsi limathothoka, munthu amasanza, chitetezo cha m'thupi chimatsika. Wodwala amene ali pa kemo akatentha thupi, musaganize kuti ndi malungo n'kumugulira mankhwala pagolosale. Thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Dziwaninso kuti si khansa zonse zimene zimamva kemo. Chondrosarcoma yambiri siimva kemo kapena cheza, mankhwala ake ndi mpeni basi. Ewing sarcoma imamva cheza, koma osteosarcoma siimva kwenikweni.

Kodi kusunga mkono sikuika moyo pachiswe?

Ngati wodwala wasankhidwa bwino ndipo chotupa chachotsedwa chonse ndi minofu yabwino mozungulira, ayi. Kafukufuku wa ku America wofalitsidwa mu 1986, amene anatsata odwala 227 a osteosarcoma ya pamwamba pa bondo, anapeza kuti amene anasungiridwa mwendo anakhala ndi moyo mofanana ndi amene anadulidwa. Chimene chimapha ndi khansa yofalikira m'mapapo, ndipo kemo ndi amene amalimbana nayo.

Komabe mkono wosungidwa uli ndi mavuto ake. Bala litha kulowa tizilombo, chitsulo chitha kugwedera kapena kuguluka, fupa loikidwa litha kuthyoka kapena kukana kulumikizana, ndipo khansa itha kubwerera pamalo pomwepo. Ena amalowa kufiyeta kangapo. Amene wasankha njira imeneyi wasankhanso kukhala pafupi ndi chipatala kwa zaka.

Ndi liti pamene kudula kumakhala koyenera?

Ngati chotupa chakulunga mitsempha ya m'khwapa, dzanja lingatsale koma lopanda mphamvu ndi losamva kanthu. Ngati chaphulika n'kukhala chilonda chonunkha ndi chotuluka magazi, ngati chalowa mafinya, ngati chinang'ambidwa kwina mosasamala, kapena chikukulabe munthu ali pa kemo, kudula ndiye chithandizo cholondola. M'zipatala zambiri za mu Africa muno odwala amafika matenda atafika pamenepa, n'chifukwa chake anthu amaganiza kuti madokotala amangodziwa kudula.

Dokotala akanena kuti mkono uchoke, funsani zifukwa, pemphani kuti akuonetseni chithunzi, ndipo ngati mukufuna, funsaninso dokotala wina wa mafupa. Koma musathawe. Moyo ndiye woyamba, mkono umabwera pambuyo. Ngakhale kwa amene khansa yafalikira kale, kuchotsa chotupa chowola kumachotsa ululu ndi fungo, munthu n'kubwerera pakati pa abale ake. Mankhwala amphamvu opha ululu, monga mofini, amaperekedwa m'zipatala za boma, ndipo kuwalandira si chizindikiro choti madokotala amutaya wodwalayo.

Nanga za ndalama? Kodi n'kofunika kupita kunja?

Chithandizo m'zipatala za boma ndi chaulere, koma banja limalowabe m'thumba: thiransipoti ya ulendo uliwonse wa kemo, chakudya cha gadiyani, ndi zithunzi zina zimene zingafunike kukajambulitsa kolipira. Boma, kudzera ku Unduna wa Zaumoyo ku Capital Hill, limatumiza odwala ena kunja, makamaka ku India, pa chithandizo chimene sichikupezeka kuno, ndipo pempho lake limachokera kwa madokotala akuluakulu a chipatala. Amene ali pa MASM kapena inshuwalansi ina afunse msanga zimene imalipira.

Ngati mwaganiza zopita ku India kapena ku South Africa ndi ndalama zanu, musaimitse chithandizo podikira pasipoti ndi zopereka za abale. Osteosarcoma siidikira mapepala. Kambiranani ndi madokotala a kuno kuti kemo ayambe, tengani zithunzi zonse ndi zotsatira za kulabotale, ndipo gwirizanani za amene adzakuoneni mukabwerera. Opaleshoni yabwino yochitikira kunja imawonongeka ngati kemo wotsalayo sanamalizidwe kunyumba.

Opaleshoni ikatha, ndiye kuti zatha?

Ayi ndithu. Akuluakulu anati linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Mkono umakhala m'nsalu yokolekera pakhosi kwa milungu ingapo, koma zala ndi chigongono zimayamba mafizo m'masiku oyambirira kuti zisaume. Kenako pamabwera masikelo a kuchipatala: pafupifupi miyezi 3 iliyonse m'zaka 2 zoyambirira, pamene khansa imakonda kubwerera, kenako motalikirana mpaka zaka 5 kapena kupitirira. Ulendo uliwonse amajambula phewa ndi chifuwa. Kachotupa kakapezeka m'mapapo kakadali kakang'ono, nthawi zina kamatheka kuchotsedwa. Popeza doxorubicin amatha kufooketsa mtima, ndipo cisplatin amatha kuwononga impso ndi makutu, ziwalo zimenezi zimafunikanso kuyezedwa. Sungani bwino buku lakuchipatala ndi zithunzi zonse. Mwana abwerere kusukulu akangopeza mphamvu, ndipo aphunzitsi auzidwe kuti sangakweze mkono kapena kusewera masewera ogundana.

Kodi banja lingachite chiyani lero kuti mkono upulumuke?

Zinthu zitatu zili m'manja mwanu, ndipo dokotala aliyense, ngakhale waluso chotani, sangakuchitireni. Musalole ululu wa fupa wodzutsa mwana usiku kupitirira milungu ingapo osajambulidwa. Musalole aliyense kutema, kuboola kapena kung'amba chotupacho asanachione madokotala a mafupa. Ndipo kemo akayamba, mumalizeni, ngakhale chotupa chitaoneka kuti chaphwa. Pempherani, limbikitsanani, koma tsiku la kuchipatala lisaphonyedwe.

Kwa makolo, aphunzitsi, abusa ndi ogulitsa mankhwala m'mafamase a mumzinda uno, pempho ndi limodzi: mukaona wachinyamata akudandaula phewa kwa nthawi yaitali, mutumizeni akajambulitse sabata yomweyo.